Chifukwa Chake Ndinawotcha Buku la Alendo

Chikondi ndi Tamanda, ana anga, mwandiumiriza nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga, ndipo tsopano miyendo yandikhazika pansi, ndilibenso chozembera. Za ubwana wanga kwa Mwase sindilemba, munazimva kale kwa agogo anu. Ndiyambira tsiku limene ndinapatsidwa tsache ndi chidebe. Mayina a alendo onse ndawasintha, ndipo mukadzawerenga musayambe kufufuza kuti uyu ndi ndani. Ena mwa iwo adzukulu awo mumapemphera nawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pa resitihausi ina pafupi ndi depoti ya basi pa Boma. Inali ndi zipinda khumi ndi ziwiri, zisanu ndi chimodzi kutsogolo, zina kumbuyo. Eni ake anali a Nyirenda, munthu wa kumpoto kwa boma lathu lino, wamfupi, wothamanga, amene akakwiya Chichewa chimawathawa n'kuyamba Chitumbuka. Bambo anga atamva kuti ndalembedwa kumeneko anakhala masiku atatu osandiyankhula. Tsiku lachinayi anangoti, "Malo amenewo mkazi wabwino salowako." Ndinawayankha kuti ndikukasesa, sindikukagona. Sanaseke, koma sanandiletse.

Ntchito yanga inali kusesa, kukolopa, kuchapa mashiti ndi kutenthetsa madzi osamba pa mgolo umene unali kuseri kwa khitchini. Pa kauntala pankakhala a Kamanga, bambo wachikulire wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Iwo ndiwo anandiphunzitsa ntchito, ndipo phunziro loyamba linabwera sabata yachiwiri. Tsiku limenelo cha m'ma thu koloko masana ndikupita kukasintha mashiti, ndinakumana pakhonde ndi bambo wina wa kumpingo kwathu akutuluka m'chipinda chakumbuyo, pambuyo pake mayi amene sanali mkazi wawo. Ndinathamangira kochapira n'kuuza mnzanga. Pasanathe ola a Kamanga anandiitana.

"Esinati, mwaona chiyani lero?"

"Ndaona a uje, a kutchalitchi kwathu, ali ndi..."

"Ayi. Mwaona chipinda chofuna kusesa. Mwasesa?"

"Sindinasese."

"Ndiye pitani mukasese. Ndipo mumve bwino, mwana wanga. Munthu akalowa pageti paja watipatsa ndalama yake ndi dzina lake. Ndalama ndi ya a Nyirenda. Dzina ndi lanu ndi ine kuti tilisunge. Mukalitaya panja, simukudziwa kuti ligwera ndani. Mwina ligwera iyeyo, mwina mkazi wake, mwina ana."

Ndinachita manyazi kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo mpaka ndinapuma ntchito, palibe dzina la mlendo limene linatuluka pakamwa panga, ngakhale kwa bambo anu.

Zaka za m'ma 1990

Maso a a Kamanga atayamba kufooka, a Nyirenda anandikweza kundiika pa kauntala chifukwa ndinali ndi satifiketi ya fomu thu ndipo ndinkalemba bwino. Pamenepo ndi pamene ndinaidziwa ntchito yeniyeni. Alendo athu anali amitundu iwiri. Ena anali ogona: ogula mbewu, madalaivala a malole, aphunzitsi obwera ku misonkhano, odikira odwala kuchipatala. Ena anali a masana, amene ankafuna chipinda maola awiri kapena atatu basi. Anthu ankati shotitaimu, koma ine pa kauntala sindinatchulepo mawu amenewo. Ndinkangoti, "Mupuma pang'ono, kapena mugona?"

Kachitidwe kawo kanali kofanana chaka ndi chaka. Mwamuna ankabwera yekha, n'kuyamba wafunsa za mvula kapena mtengo wa feteleza, kenako n'kutsitsa mawu: "Chakumbuyo chilipo? Kutsogolo kuno kuli phokoso." Ndinkamupatsa buku la alendo kuti alembe dzina. Mukanaliona bukulo mukanaganiza kuti Kasungu yense ndi a Banda. Tsiku lina ndinali ndi a Banda anayi m'zipinda zinayi zoyandikana, ndipo awiri a iwo ndinkawadziwa bwino kuti ndi a Phiri. Pakapita theka la ola mayi ankalowera kageti kakumbuyo, kamene kankatulukira kunjira ya kumsika, atanyamula jumbo ya tomato kuti aoneke ngati wasochera. Potuluka, mayi ankayamba, mwamuna n'kutsala kaye akusamba m'manja. Mafoni a m'manja atabwera zinaphweka. Foni imalira, mawu n'kungoti, "Mayi, chija chilipo mawa?" Ine n'kuyankha kuti chilipo, osafunsa kuti ndi ndani, chifukwa mawu awo ndinkawadziwa kuposa nkhope.

Nyengo ya fodya ndiye kunali ntchito. Alimi akagulitsa mabelo awo ku okushoni ankatsika pa Boma ali ndi nsapato zatsopano, mapepala a sitolo akadali pa malaya. Munthu amene chaka chonse wadya therere ankafuna chipinda chabwino koposa ndi madzi otentha kawiri. Zipinda zinkadzaza kuyambira m'mawa, ndipo mashiti sankauma. Madzi a m'mipope akasiya, zomwe zinkachitika kawirikawiri, tinkatunga pa mjigo wa kuseri kwa msika, ine ndemwe wa pa kauntala ndowa pamutu. Sopo akasowa m'masitolo tinkadula mtanda umodzi panayi. Koma palibe mlendo amene anagonera shiti imene wina wagonera. Pa zimenezi ndinakangana ndi a Nyirenda kangapo. Iwo ankati, "Mama, munthu wakhala ola limodzi, ingokutumulani." Ine ndinkakana, ndipo mapeto ake anatopa nane n'kugula mashiti ena.

Musaganize kuti ndinkalandira aliyense. Mwamuna akabwera ndi mtsikana amene nkhope yake ikuoneka ya kusukulu, ndinkamuuza kuti zipinda zatha, makiyi ali poonekera kumbuyo kwangako, ndipo mtsikanayo ndinkamuperekeza ndekha mpaka pamsewu. Mkazi woledzera wochita kumukoka sankadutsa pa kauntala yanga. Ndikamva kulira m'chipinda ndinkagogoda, ndipo akapanda kutsegula ndinali ndi kiyi wachiwiri. Zaka zimene matenda aja a Edzi anavuta, pamene tinkaika maliro sabata iliyonse, ndinapita kuchipatala kukapempha makondomu n'kumaika m'dirowa ya chipinda chilichonse. A Nyirenda anati ndikuwonongera malo mbiri. Ndinawafunsa kuti mwa alendo athu a chaka chatha ndi angati amene atsala. Anangotuluka. Madirowa aja ankapezeka opanda kanthu madzulo alionse, ndipo palibe mlendo anatchulapo za nkhaniyo.

Sindikunena kuti mtima wanga unali pa mtendere nthawi zonse. Akazi a amuna ena ndinkakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Wina ankandigawira nyimbo m'buku lake, ine ndikudziwa kumene mwamuna wake anali Lachinayi. Zinkandipweteka, ndipo ndinapempherapo nthawi zambiri. Amayi ena a kumpingo ankandinena kuti ndimadyera machimo a anthu. Koma ndinaona kuti amene ankandinena kwambiri ndi omwenso ankandikokera pambali kufuna kuti ndiwauze za anzawo.

Chaka chimene mafuta anasowa

Pofika nthawi imeneyi a Nyirenda anali atamanga loji yatsopano m'mbali mwa msewu waukulu, ya zipinda makumi awiri, chilichonse ndi bafa yake, ndipo ine ndinali manijala. Chinali chaka chovuta. Magalimoto ankagona pa mizere m'mafilingi, magetsi ankazima tsiku lonse, alendo ogona anachepa. Amene ankatisunga anali bambo wina amene ndimutcha Yosefe, mwini esiteti ya fodya cha ku Chisemphere. Iyeyu ankagoneka ogula fodya ake, madalaivala ndi amakaniko pa loji yathu, nthawi zina zipinda zisanu ndi chimodzi mwezi wathunthu.

Nthawi yomweyo ndinali ndi alendo awiri a masana osiyana ndi ena onse. Bamboyo ndimutcha a Mwale, mphunzitsi wopuma, wamasiye, wamtali, wa imvi mutu wonse. Mayiyo ndimutcha Nambewe, nayenso wamasiye, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Ankabwera Lachiwiri lililonse cha m'ma leveni. A Mwale tsiku loyamba analemba m'buku dzina lawo lenileni, mudzi wawo ndi nambala ya foni, ndi zilembo zokongola za pa bolodi. Ndinawanong'oneza kuti ambiri salemba choncho. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi, ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuti asamaname. Dzina langa ndi limeneli." Nambewe ankabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika m'kambale. Podutsa pakhonde ndinkawamva akuseka, nthawi zina a Mwale akumuwerengera nyuzipepala.

Lachiwiri lina a Mwale anachedwa chifukwa minibasi ya kwawo inalibe mafuta. Nambewe anakhala pa mpando wa pafupi ndi kauntala, akupotokola nsonga ya chitenje. Sindinamufunse kanthu, anayamba yekha.

"Mumatiseka, eti, nkhalamba ziwiri kumabisala ngati ana a sukulu?"

"Ine sindiseka alendo, mayi."

"Amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndinawadwazika zaka zitatu, ndinalira, ndinamaliza. A Mwale anafuna kutumiza ankhoswe kuti tichite za poyera. Mwana wanga woyamba anakana. Akuti aliyense wondifuna ine akufuna munda ndi nyumba ya bambo ake. Analumbira kuti akadzamudziwa munthuyo adzamutumizira anyamata a ku esiteti akamuthyole miyendo. Ndipo mwana wanga akanena amachita."

"Mwana wanuyo ndi ndani?"

Anatchula dzina. Anali Yosefe.

Panapita miyezi iwiri. Loweruka lina m'mawa Yosefe anaimika galimoto yake pakhomo penipeni n'kulowa osapereka moni. Wina wa kabaza anali atamuuza kuti amatsitsa amayi ake kuseri kwa loji yathu.

"Amayi anga amabwera pano Lachiwiri," anatero. "Ndikufuna buku la alendo."

"Buku la alendo sitionetsa, bambo."

"Mukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani bwino. Nanunso wina atabwera kudzafunsa za alendo anu, ndingamuyankhe chimodzimodzi."

Anamenya kauntala ndi dzanja mpaka belu linagwa pansi. Kenako anaimbira a Nyirenda, amene anafika pasanathe mphindi khumi, thukuta lili kamukamu. Anamulowetsa Yosefe mu ofesi, anamupatsa chakumwa chozizira, kenako anatuluka kudzandipeza.

"Mama, muonetseni bukulo. Ndi amayi ake, si mlendo."

"Bwana, akufuna dzina la munthu woti akamuvulaze."

"Yayi, akungoopseza. Mukudziwa kuti akachoka uyu titseka? Anthu khumi ndi awiri amadya pano, inu muli m'gulu lomwelo."

Ndinawauza kuti buku la miyezi imeneyo linadzaza ndipo lili m'kabati ya m'chipinda chosungira katundu, kiyi wake ndasiya kunyumba. Linali bodza, kiyi anali m'thumba langa. A Nyirenda anauza Yosefe kuti abwere Lolemba m'mawa adzalipeza pa tebulo.

Masiku awiri amenewo sindinadye bwino. A Nyirenda sankanama: ogwira ntchito anzanga anali ndi ana, ndipo iwe Tamanda unali fomu folo, Chikondi ali chaka choyamba ku koleji. Bambo anu anali atasiya kale ntchito chifukwa cha msana. Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera, osatchula mayina. Ndinati pali munthu analemba dzina lake lenileni m'buku langa chifukwa anandikhulupirira, ndipo mawa ndikuyenera kulipereka kwa wofuna kumupweteka. Bambo anu anakhala nthawi akusenda nzimbe. Kenako anati, "Ukalipereka, ntchito ikhalapo. Koma ndimakudziwa, sudzagonanso tulo, ndipo ine ndi amene ndidzavutike nawe. Chita chimene ungathe kukhala nacho."

Ndinaganiza zong'amba masamba a Lachiwiri okha, koma anali ochuluka, ndipo masamba osowa akanaonetsa kuti pali chobisika. Ndinaganiza zolibisa, koma a Nyirenda akanandiumiriza mpaka nditalitulutsa. Lolemba ndinafika sikisi koloko m'mawa, moto wa pa mgolo wa madzi osamba utayaka kale chifukwa magetsi kunalibe. Ndinatenga buku lija, lachikuto chakuda, lolemera ngati njerwa, n'kuliponya pamoto. Ndinaima pomwepo ndi mtengo m'manja, kulitembenuza mpaka tsamba lomaliza litapsa. Wophika wathu anandiyang'ana, anangowonjezera nkhuni.

A Nyirenda atafika ndinawauza ndisanakhale pansi. "Bwana, buku lija ndawotcha. Palibe wina wandithandiza, ndachita ndekha."

Anayankhula Chitumbuka kwa mphindi zingapo, zambiri sindinazimve. Pomaliza anatambasula dzanja. "Makiyi." Ndinawapatsa. Zaka zoposa makumi awiri ndinali nditawagwirira ntchito, ndipo ndinatuluka ndi kachikwama kanga ndi kapu yanga ya tiyi. Pageti ndinakumana ndi Yosefe akulowa. Ndinamupatsa moni, anangondidutsa.

Mawa lake linali Lachiwiri. Ndinapita ku depoti m'mawa n'kukhala pa benchi mpaka minibasi ya ku Chisemphere itafika. Nambewe atatsika ndi fulasiki yake ndinayenda pambali pake ngati tangokumana, n'kumuuza kuti asapite ku loji, mwana wake wadziwa za malo koma za munthu sanadziwe ndipo sadzadziwira kwa ife. Anaima. "Nanga inu?" anafunsa. Ndinati ine ndili bwino, aimbire a Mwale asanakwere galimoto.

Mukukumbukira miyezi itatu imene ndinkakazinga mandasi pakhomo n'kumakuuzani kuti ndili patchuthi chachitali? Sichinali tchuthi. Ndikupepesa kuti ndinakunamizani, koma sindikanatha kufotokoza popanda kuulula za anthu aja. Tamanda, nsapato zako za mayeso zimene unalira nazo chifukwa zinali za kaunjika, chifukwa chake chinali chimenechi.

Yosefe anachotsadi anthu ake pa loji, ndipo atsikana awiri oyeretsa anaimitsidwa ntchito. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Mmodzi ndinamupezera malo kwina patapita nthawi, winayo anabwerera kumudzi ndipo sindinamuonenso. Pa kauntala a Nyirenda anaikapo mphwawo wina, munthu wokonda kucheza ku botolo sitolo. Pasanathe mwezi, tauni yonse inkadziwa amene amalowa chipinda chiti ndi ndani. Ukwati wina unatha, bambo wina anamenyedwa ndi alamu ake pamsika, ndipo foni ya pa kauntala inasiya kulira. Ngakhale ogona wamba anayamba kupita kwina, poti palibe amene amafuna kugona pamalo pamene dzina lake likatchulidwe pa mowa.

Tsiku lina masana ndikukazinga mandasi ndinaona a Nyirenda akutsika pa kabaza, poti galimoto yawo inalibe mafuta. Anakhala pa mpando umene bambo anu anawapatsa, anadya mandasi awiri, anayamikira ufa. Kenako anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pa mphasa.

"Mama, anthu akufunsa inu."

"Anthu ati, bwana?"

"Mukuwadziwa. A Banda onse aja."

Tinaseka tonse, ngakhale bambo anu amene sankadziwa kuti tikuseka chiyani. Ndinawauza kuti ndibwerera ngati buku la alendo lizikhala m'dirowa yanga, kiyi wake ine ndekha, ndipo wolifuna azibwera ndi kalata ya boma. Anavomera. Sanandipepese, ndipo ine sindinawapepese za buku lawo. Tinagwira limodzi ntchito zaka zina zisanu ndi zitatu mpaka anamwalira, ndipo ana awo anandisunga mpaka ndinapuma ndekha.

Zaka zotsatira

Nambewe ndi a Mwale sanabwerenso ku loji. Patapita chaka ndi theka ndinamva kwa mayi wina wogulitsa nyemba kuti malume ake a Yosefe anakhalira pansi nkhaniyo, munda ndi nyumba zinalembedwa m'dzina la ana, ndipo awiriwo anadalitsa ukwati ku tchalitchi cha kwawo. Sanandiitane, ndipo anachita bwino. Anthu akanafunsa kuti manijala wa loji akudziwana nawo bwanji.

Ndinawaona kamodzi kokha. Linali Loweruka m'mawa mumsika wa pa Boma, anthu ali pikitipikiti. Anali pa benchi ya nsomba zouma, a Mwale atanyamula dengu, Nambewe akukangana ndi wogulitsa. Ankayenda limodzi poyera, phewa ndi phewa. Nambewe atatembenuka maso athu anakumana. Pambali pake panali mpongozi wake, mkazi wa Yosefe, ndi anthu ena a kwawo.

Anabwera n'kundipatsa dzanja monga mmene munthu amachitira ndi mayi aliyense wachikulire amene wamugunda mwangozi mumsika.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Tili bwino. Ine ndine Mayi Mwale. Awa ndi amuna anga."

"Ndasangalala kukudziwani," ndinatero.

A Mwale anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. Mpongozi uja anali atayamba kale kuyenda, akuwaitana kuti minibasi idzaza. Nambewe anagwirabe dzanja langa, analifinya mwamphamvu mpaka mphete inandilowa m'chala, kenako analisiya n'kutsatira amuna ake.